Thangata kapena dima? Za kapepala ka BOINC

Mnzanga wina kuno ku Domasi walemba kapepala ka Chichewa kothandiza anthu amene achotsa Windows pa laputopu n'kuikapo Ubuntu, kenako BOINC n'kuyamba kuvuta. BOINC ndi pulogalamu yochokera ku yunivesite ya California ku Berkeley. Kompyuta yako ikangokhala, imawerengera asayansi masamu, iwe osalandira kanthu.

Malangizo ake ndi olondola. Pa Ubuntu pulogalamuyi imayenda pa dzina lakelake, choncho mafayilo amene wakopera kuchokera ku Windows siingawagwire usanaipatse chilolezo. Pamenepa iye wangoti “ikukana”. Ndawakonda mawuwa, ndi mmene timayankhuliradi.

Pomwe ndatsutsana naye ndi pa mutu, pamene ntchito yodziperekayi waitcha “thangata”. Zoona, tsinde lake ndi lomwe lili mu “kuthangata”, kuthandiza. Koma kuno ku Zomba mawuwa ali ndi chipsera. M'minda ya azungu, thangata inali ntchito yokakamiza yolipirira malo okhala. Inali m'gulu la madandaulo amene anautsa nkhondo ya John Chilembwe mu 1915, ndipo inathetsedwa mu 1962. Ndiye munthu angapereke laputopu yake mokondwa atamva mawu amenewa?

Bwanji osati “dima”? Pa dima anthu ambiri amagawana mizere m'munda umodzi, aliyense atabwera mwa kufuna kwake. BOINC imagawanso ntchito chimodzimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti pa dima ili palibe thobwa, ndipo magetsi ukulipira wekha.