Cinsinsi ca Mnansi Wathu

Abale, m'caka ca 2018 kunamveka kuti a Cambridge Analytica anatenga mbiri za anthu ofika 87 miliyoni pa Facebook. Njira yace inali yotere: anthu ngati 270,000 anayankha mafunso onga masewera, ndipo pakubvomera iwo, mbiri za abwenzi ao zinatengedwa pamodzi, eni ace osadziwa.

M'caka ca 2019 boma la America linalipiritsa Facebook madola 5 biliyoni. Koma ife titi mlanduwo sunathe, pakuti ndalama siingabweze cinsinsi coululika. Kodi munthu angatsegulire alendo nkhokwe ya mnansi wace? Cotero tisanabvomere kanthu pa lamya, tiyambe tadzifunsa: tipereka zathu zokha kodi, kapena za anzathunso?