Chichewa cha ku Mulanje m'masewero: tikuseka chiyani kwenikweni?

M'timasewero tambiri ta pa Facebook ndi TikTok simulephera kupezeka munthu "wakumudzi". Amakhala mlonda, wantchito wa m'nyumba, kapena malume amene atulukira m'tauni atasenza thumba la chinangwa. Asanatchule n'komwe kwawo, owonera adziwa kale. Akuti "siku" m'malo mwa "tsiku", "zina" m'malo mwa "dzina", ndipo "kugula" akumveka ngati "kukula". M'makomenti anthu ayamba kale kuitanizana kuti bwerani mudzaone a ku Mulanje. Ine vuto langa ndi lakuti alembi a masewerowa apeza njira yachidule yosekera, ndipo njirayo ikudalira khutu limene limadzitama kuti limadziwa, pamene limangoganizira.

Khutu likafuna kudziwa kwawo kwa munthu limagwira zizindikiro ziwiri kapena zitatu basi. Zina mwa izo n'zoona. Chilomwe, monga chibale chake Chimakhuwa cha ku Mozambique, sichidalira malembo a b, d ndi g, ndiye agogo amene anakula akulankhula Chilomwe nthawi zina amabwera nazo m'Chichewa. Koma "siku" ndi "zina" mudzazimvanso ku Ndirande, ku Zomba, ngakhale ku Lusaka. Mulanje weniweniyo alibe lilime limodzi. Muli Alomwe, Amang'anja ndi Ayao. Wogulitsa pa msika wa Limbuli, amene amachita malonda ndi anthu a ku Milange tsiku ndi tsiku, salankhula ngati mnyamata wa kabaza wa pa Chitakale. Msewero zonsezi amaziphwanya n'kuumba munthu mmodzi, wopusa.

Chowawa n'chakuti khutu likangoganiza kuti lazindikira dera, limaweruzanso nzeru za munthuyo. Mu 1960, ku Montreal m'dziko la Canada, Wallace Lambert ndi anzake anajambula mawu a anthu odziwa Chingerezi ndi Chifulenchi, aliyense akuwerenga nkhani imodzi m'zinenero ziwirizo. Omvera sanadziwe kuti ndi anthu omwewo. Mawu a Chingerezi anawapatsa mamalikisi ambiri pa nzeru, ndipo ngakhale olankhula Chifulenchi anachita chimodzimodzi. Ku Spain nkhani ndi yomweyo. Anthu a ku Andalusia, kummwera, amameza s wa kumapeto kwa mawu, ndipo akhala akudandaula kuti pa TV kalankhulidwe kawo kamapatsidwa kwa wantchito wa m'nyumba kapena wanthabwala, pamene dokotala ndi loya amalankhula ngati a ku Madrid.

Kwathu kuno khutu limeneli linachita kuphunzitsidwa. Dikishonale yaikulu yoyamba ya chinenero chathu inali ya Chimang'anja, yolembedwa ndi David Clement Scott wa ku Blantyre Mission mu 1892, kutanthauza kuti kalankhulidwe ka kummwera kanalowa m'mabuku kalekale. Zinthu zinatembenuka mu 1968 pamene Chinyanja chinasinthidwa dzina n'kukhala Chichewa, chinenero cha fuko, ndipo mu 1972 boma linakhazikitsa Chichewa Board. Kamuzu ankafuna Chichewa cha kwawo ku Kasungu: "adapita" osati "anapita", ndi ŵ uja wa mu Malaŵi amene ambiri kummwera satchula. Mawu monga "bvuto" anasanduka "vuto". Mwana wa ku Mulanje analowa m'kalasi ndi Chichewa cha amayi ake n'kuuzidwa kuti n'cholakwika.

Kwa Alomwe bala lake ndi lakale kuposa pamenepa. Ambiri anabwera kuchokera ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa za m'ma 1900, n'kumagwira ntchito m'minda ya azungu, kuphatikizapo ya tiyi. Ankatchedwa dzina lonyoza lakuti Anguru, mpaka Lewis Bandawe ndi Lomwe Tribal Association analimbana nalo m'zaka za m'ma 1940. Makolo ambiri anasankha kusaphunzitsa ana Chilomwe kuti asamasekedwe. Zotsatira zake zili m'kalembera. Mu 1998, anthu 2.4 okha pa 100 aliwonse ndi amene ananena kuti Chilomwe ndicho chinenero cha pakhomo pawo, pamene kalembera wa 2018 anapeza kuti Alomwe ndi pafupifupi 19 pa 100 aliwonse, mtundu wachiwiri kukula m'dziko muno. Mulhako wa Alhomwe umasonkhanitsa anthu pa Chonde chaka ndi chaka, koma tsiku limodzi la tchopa silingafute chaka chathunthu chosekedwa pa foni.

Ena anena kuti ndi nthabwala chabe, Amalawi timasekana, Mtumbuka amasekedwa, Msena amasekedwa. Zoona, ndipo sindikuti tiyeretse masewero kuti aliyense azilankhula ngati wowerenga nkhani pa MBC. Sewero lotero lingakhale lozizira. Kalankhulidwe ka madera ndi chuma cha mlembi. Funso langa n'lakuti, mukachotsa katchulidweko, nthabwala ikutsala? Kawirikawiri sitsala kanthu. Munthu uja sananene chanzeru kapena chopusa, wangotchula "siku", ife n'kugwa ndi phwete. Pamenepo mlembi sanagwire ntchito, wangobwereka chipongwe chakale.

Mlembi wakhama angapite pa Limbuli tsiku la msika n'kukhala chete, kumvetsera mmene amayi amanenerera mtengo wa nanazi, mmene amazembera funso, mmene amalasira munthu ndi mwambi akumwetulira. Angapeze kuti chokoma chili m'maganizo a olankhulawo ndi m'kasanjidwe ka mawu awo, zimene wongotsanzira samazimva. Kenako angayese chinthu chosavuta: apereke lilime la ku Mulanje kwa namwino, kwa mphunzitsi wamkulu, kapena kwa amene akupusitsa anzake onse msewerolo.

Inunso owonera muli ndi mbali yanu. Mtsikana wa ku Mulanje amene akupita ku intavyu ku Lilongwe amawerenga makomenti omwewo, ndipo amaphunzira kuluma lilime asanalowe pakhomo la ofesi. Musanagawe kavidiyo kotsatira, mverani kawiri, muone ngati munthuyo wanena chilichonse choseketsa.