Woyeza jenereta isanagulidwe

Magetsi a ku Cahora Bassa, okwana mamegawati 2,075, amapangidwa m'chigawo cha Tete. Koma m'boma la Chifunde, m'chigawo chomwecho, ukangopatuka pamsewu wopita kuchipata cha pamalire cha Cassacatiza, midzi yambiri mawaya a kampani ya magetsi ya EDM sanafikeko. Wofuna kuyendetsa chigayo cha mota, firiji ndi makina owotcherera zitsulo amadalira jenereta ya dizilo, ndipo kawirikawiri ndalama zake zimakhala za fodya wa chaka chathunthu. Woteteza ndalamazo kuti zisalowe m'madzi ndi mmisiri wa magetsi amene amaitanidwa jeneretayo isanagulidwe.

Mmisiri wodziwa ntchito amayamba wagwada pansi, kupukuta ufa pakachitsulo ka pamota, n'kuwerenga: 15 kW, mavoti 380, maampeya pafupifupi 30. Kenako amafunsa mwini wake kuti, "Nanga bambo, chigayochi muzichidzutsa bwanji?" Luso lonse lagona pafunso limeneli. Mota ikamadzuka imakoka magetsi kuwirikiza kasanu ndi kamodzi kapena kuposa apo, moti maampeya 30 aja amalumpha kufika cha m'ma 200 kwa masekondi ochepa. Jenereta ya 20 kVA, yooneka yokwanira papepala, imangobuula, mababu n'kuzirala, mota osazungulira. Mmisiri akaikapo sitata ya star-delta, kukoka koyambako kumatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo jenereta ya 30 kapena 35 kVA imanyamula chigayo chimene chikanafuna ya 45 kapena 50.

Nambala yaikulu yolembedwa pambali pa makinawo saimeza yonse. Amaichulukitsa ndi 0.8, kotero kuti 30 kVA imasanduka 24 kW. Amafufuzanso ngati nambalayo ndi ya standby, yongothandiza magetsi akathima, kapena ya prime, ya jenereta yogwira ntchito tsiku ndi tsiku, yomwe imacheperapo. Kumudzi kopanda mawaya, ya prime ndiyo yoona. Amasiyanso mpata wa kutentha kwa mu Okutobala ndi kukwera kwa malo a kumpoto kwa bomali, poti mpweya wotentha ndi wopepuka umachepetsa mphamvu ya injini.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi pamene amakaniza munthu kugula yaikulu. Wogula ali ndi ndalama m'manja, akuti atenge ya 80 kVA kuti asadzavutike m'tsogolo, ndipo wogulitsa ku Tete sangamuletse. Mmisiri amapukusa mutu. Injini ya dizilo ikamayenda maola ambiri ndi katundu wosafika pa 30 peresenti, mkati mwake simutentha mokwanira. Dizilo sapsa yense. Mwaye umamata majekita ndi mavavu, makoma a silinda amasalala ngati galasi, injini imayamba kumwa oyilo, ndipo paipi yotulutsira utsi imadontha zamadzimadzi zakuda. Mwini wake amaganiza kuti akuisunga bwino poipatsa ntchito yochepa, chonsecho akuipha pang'onopang'ono, kwinaku akugula dizilo wotengedwa kutali. Cholinga cha mmisiri n'choti injini izikhala pa 70 mpaka 80 peresenti chigayo chikamagaya. Za usiku, mababu ndi firiji zomwe sizifika ndi 2 kW yomwe, amalangiza kuti zipite pa sola ndi mabatire.

Jenereta ikafika samangolumikiza n'kuchoka. Amagawa mababu, firiji ndi masoketi pa mafezi atatu mofanana kuti waya mmodzi asalemedwe yekha. Amailiza, kuisiya itenthe pa 1,500 rpm, kudzutsa chigayo chopanda kanthu, kenako n'kuuza wogayitsa athire chimanga. Amapana waya aliyense ndi mita yake, diso lili pa singano ya 50 Hz, khutu lili pa injini. Akakhutira amalemba ndi makala pakhoma ndondomeko yoyatsira: chigayo choyamba, makina owotcherera pambuyo, ndipo ziwirizi zisadzutsidwe nthawi imodzi.