Kodi Mitundu Itatu ya Ziganizo za Chingerezi Ikukwana M'Chicheŵa?

Galamala ya Chingerezi imagaŵa ziganizo m'mitundu itatu potsata kapangidwe kake: simple, compound ndi complex. Mabuku athu a sukulu adatengera magaŵidwe omweŵa nawatcha chiganizo chopanda nthambi, chiganizo cha ziganizo zingapo, ndi chiganizo cha nthambi. Mainawo ngabwino. Chimene tikukana m'pepala lino ndi njira imene ophunzira amapatsidwa yozindikirira mitunduyo, yakuti ayambe afunafuna mlumikizi.

Njirayi imathandiza m'Chingerezi chifukwa kaŵirikaŵiri nthambi yosaima payokha imatsogozedwa ndi liu looneka. Koma tamverani mlimi wa fodya wa ku Kasungu: "Mvula ikagwa tiwokera, fodya atauma tidamanga mabelo." Mlumikizi palibe, komabe nthambi zosaima pazokha zilipo ziŵiri. Ntchito yonse yagwiridwa ndi timaphatikizo -ka- ndi -ta- m'kati mwa mneni. Chimodzimodzi akati "fodya ndidagula dzuloyo ngwonyowa", nthambi yofotokoza dzina yaima popanda "amene". Chaisonyeza ndi kamvekedwe ka mau pamodzi ndi -yo wa kumapetoyo. Mwana wophunzitsidwa kusaka mlumikizi adzati ziganizozi n'zopanda nthambi, nalakwa mayeso pa chinenero chimene adayamwira. Choipa kuposa apo, akayamba kulemba amadzaza "pamene", "amene" ndi "ndipo" paliponse, kufikira Chicheŵa chake chimveka ngati chomasuliridwa.

Vuto lina lili pa kandandalikidwe ka mau. Mngerezi akasinthanitsa malo a mwininkhani ndi pamtherankhani, tanthauzo limatembenuka. Ife titha kunena "Mphepo yachigwetsa chigafa", kapena "Chigafa yachigwetsa mphepo", ngakhalenso "Yachigwetsa mphepo chigafa", chogwacho n'kukhalabe chigafa. Joan Bresnan ndi Sam Mchombo adaonetsa m'chaka cha 1987 kuti ufulu umenewu umadza pamene mneni wanyamula mgwirizanitsi wa pamtherankhani, monga -chi- pano. Tikamuchotsa, pamtherankhani ayenera kutsata mneni. Ziganizo zitatuzi magaŵidwe a Chingerezi amaziponya m'dengu limodzi, chonsecho kusiyana kwake, kwakuti wolankhula watsogoza chiti m'nkhani yake, ndiko kumene Mcheŵa amamvera.

N'zodabwitsa kuti njira ina idaoneka kale, ndipo idachokera ku Kasungu komweko. Galamala ya Mark Hanna Watkins ya 1937 idalembedwa kuchokera pa malankhulidwe a Kamuzu Banda ali wophunzira ku Chicago, ndipo Watkins, amene adaphunzira kwa Edward Sapir, adayesetsa kufotokoza chinenerochi monga chilili, osachikakamiza m'chikombole cha Chingerezi. Bungwe la Chichewa Board litakhazikitsidwa mu 1972, mphamvu zambiri zidapita ku malamulo a kalembedwe ndi kukonza mau. Ophunzira athu, tikuganiza, akadapindula akadayamba ndi kuphwanya mneni mmodzi monga "akadatigulitsira", asanamve n'komwe za mlumikizi.