Kafukufuku wa mowa wa pakhomo akusowa funso la shuga

Kafukufuku wa STEPS, yemwe Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizidwa ndi bungwe la WHO mu 2009 ndi 2017, anathandiza kuonetsa kukula kwa vuto la kumwa mowa m'Malawi muno. Komabe njira yake yowerengera ili ndi chofooka chomwe chimaonekera bwino m'madera ngati Bembeke, Mayani ndi Lobi m'boma la Dedza, komwe anthu ambiri amamwa masese ndi kachasu.

Kafukufukuyu amafunsa munthu kuchuluka kwa mowa umene wamwa, ndipo yankho amaliwerengera pa muyeso umodzi wa magalamu pafupifupi 10 a ethanol, chomwe chimaledzeretsa mu mowa. Pa mowa wa ku fakitale njirayi imagwira, chifukwa mphamvu yake imalembedwa pa botolo. Chipanda cha masese ndi velemoti ya kachasu zilibe cholembedwa chilichonse. Mphamvu yake imadalira zomwe wofulula wathira mu mtsuko, makamaka shuga.

M'mafululidwe a makolo, chimera ndicho chimasandutsa ufa kukhala zotsekemera zomwe yisiti amadya, ndipo ntchitoyi imatenga masiku angapo. Shuga wogula amadula njira yonseyi. Kilogalamu imodzi ikhoza kutulutsa ethanol wofika pafupifupi theka la kilogalamu, kapena kuti miyeso pafupifupi 50. Choncho amayi awiri oyandikana nyumba akhoza kugulitsa zipanda zofanana kukula koma zosiyana mphamvu, wofufuza n'kuzilemba ngati chinthu chimodzi. Nyengo nayo imasokoneza: kuzizira kwa ku Dedza mu June ndi July kumachedwetsa kuwira kwa mowa.

Mtundu wa shuga ukufunikanso kuuunika. Shuga woyera ndi wabulawuni sasiyana kwenikweni pa mowa umene amatulutsa, motero wabulawuni si wabwinopo pa thanzi. Molasesi ali ndi shuga wocheperako pa kilogalamu. Zipatso ngati masuku n'zosiyana: zili ndi pectin, yemwe pakuwira amatulutsa methanol, chiphe chomwe chikachuluka chimaononga maso. Methanol sachokera ku shuga wogula. Uthenga wongoti "kachasu amachititsa khungu" susiyanitsa zonsezi, ndipo wotcheza sapezamo choti asinthe.

Palinso nkhani ya zakudya. Kuyambira 2012 shuga wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa amathiridwa vitamini A pofuna kuteteza ana. Potcheza, vitaminiyu sakwera ndi nthunzi, amatsala m'nsenga. Wowerengera phindu la pulogalamuyi potengera shuga wogulidwa pakhomo akhoza kuwerengeramo shuga yemwe sanafike mu phala la mwana.

Mbali ya chimanga yafufuzidwa bwinopo. Limbikani Matumba ndi anzake anasindikiza mu 2014 zotsatira zoonetsa aflatoxin ndi fumonisin, ziphe zochokera ku chuku, mu mowa wa chimanga wa m'dziko muno. Ku Chitima m'chigawo cha Tete ku Mozambique, anthu 75 anafa mu January 2015 atamwa mowa pa maliro, ndipo kunapezeka kuti chiphe cha bongkrekic acid chinachokera mu ufa woonongeka. Ntchito zimenezi n'zodalirika chifukwa ofufuza anayeza mowa weniweniwo mu labotale.

Kafukufuku wa kamwedwe akusowa kuyeza kotereku. Ndondomeko ya dziko ya mowa ya 2017 idzayendetsedwa ndi ziwerengero zolondola pokhapokha ofufuza atafika kwa ofulula, kufunsa mtundu ndi makilogalamu a shuga pa mtsuko uliwonse, kuyeza kukula kwa chipanda ndi velemoti, ndi kuyeza mphamvu ya mowa pa nyengo yozizira ndi yotentha. Ofululawo afunsidwe mwaulemu, popeza ambiri ndi amayi omwe amapezera pomwepo fizi ndi feteleza, ndipo akaopsezedwa sadzaulula zomwe amathira. Popanda zimenezi, dokotala wa ku Dedza yemwe wodwala chiwindi wamuuza kuti amamwa "mavelemoti awiri okha" sangadziwe kuti ndi mowa wochuluka bwanji.