Mtengo wa Sukulu m'Buku la Binwell Sinyangwe, A Cowrie of Hope

Binwell Sinyangwe wa ku Zambia analemba nthano zazitali ziwiri zokhudza mwana wa mlimi wosauka amene afuna kutukuka kudzera m'maphunziro. Mu Quills of Desire (1993) timalowa m'sukulu pamodzi ndi mnyamata Wiza ndi kuonerera kugwa kwake. Mu A Cowrie of Hope (2000) pakhomo pa sukulu ya sekondale sitipondapo n'komwe. Timangomva mtengo wake. M'nkhani ino tiunika buku lachiwirili, ndipo mfundo yathu ndi yakuti mphunzitsi amene aliphunzitsa ngati nthano yotamanda khama chabe alichepetsa.

Tsatanetsatane wa nkhani ngwosavuta. Nasula, mayi wamasiye wa m'boma la Mbala, analandidwa chuma ndi abale a mwamuna wake. Mwana wake mmodzi yekhayo, Sula, wapambana mayeso a giredi 9, koma kuti apitirize pafunika K100,000. Molimbikitsidwa ndi mnzake Nalukwi, Nasula atengera thumba lake la nyemba ku Lusaka, kumene tambwali wovala bwino, Gode Silavwe, amulanda nyembazo osalipira.

Choyamba kuchiona ndi chakuti mwana wa sukuluyo sindiye mpangankhani wamkulu. Sula wachita kale mbali yake yonse: ngwanzeru, ngwaulemu, mayeso wakhoza. Komabe zonsezi sizisuntha nkhani ngakhale pang'ono. Chimene chiyendetsa nthano ndi thumba la nyemba. Pomuika Sula pambali chonchi, mlembi aonetsa kuti m'Zambia wa zaka za m'ma 1990, boma la Frederick Chiluba litachotsa dzanja pa zambiri zimene linkathandiza nazo alimi, nzeru za mwana sizinali zokwanira kumutsegulira chitseko. Apa ndi pamene pagona luso la bukuli, ndipo zokhumba za Nasula sitingazitche dyera: iye afuna kuti mwana wake asadzadalire mwamuna monga anachitira mwini wake.

Mathero ndiwo atikayikitsa. Wapolisi wamng'ono alandira chiphuphu kwa Gode, koma Nasula akafika kwa mkulu wa apolisi woongoka mtima amene akakamiza wakubayo kulipira. Owerenga achichepere amakondwa, nafenso sitibisa kuti tinapumira m'mwamba. Koma chilungamo chimene chidalira kuti munthu mmodzi wabwino apezeke mu ofesi tsiku limenelo ndi mwayi, si mphotho ya khama. Mkuluyo akanakhala atachokapo, kulimba mtima konse kwa Nasula kukanathera pakhonde la polisi. Tiganiza kuti mlembi, amene sanamuchitire chifundo Wiza, pano anafewa mtima. Ndipo mphunzitsi wothamangira phunziro lakuti wolimbika salephera angotola mbali yofookayo n'kusiya yolimba.

Nanga wophunzira wa lero aliwerenga bwanji? Titenge chitsanzo cha mwana wa ku Simonga, mudzi umene uli kumadzulo kwa mzinda wa Livingstone, kufupi ndi mtsinje wa Zambezi. Kusiyana kwa olemera ndi osauka iye safunika kukufotokozeredwa, pakuti nyumba zogona alendo odzaona mathithi a Mosi-oa-Tunya zandanda m'mphepete mwa mtsinje womwewo. Chimene chingamusokoneze ndi mbiri ya ndalama. Mu 2013 dziko la Zambia linachotsa maziro atatu pa kwacha, kotero kuti K100,000 ya Nasula ikanalembedwa K100 m'ndalama zatsopano. Mwana wosauzidwa zimenezi ayesa kuti mayiyu ankasaka chuma chambiri, pamene ululu wa nkhani uli pa kuchepa kwa chimene chinasowa: tsogolo la Sula linali lolingana ndi thumba limodzi la nyemba.

Chinanso, kuyambira mu Januwale 2022 boma linathetsa fizi m'sukulu zake mpaka giredi 12. Ena anganene kuti bukuli tsopano latha ntchito. Ife sititero. Yunifomu, nsapato, ulendo ndi zolipira kugonera zidakali pamsana pa kholo, ndipo wophunzira wa ku Simonga wosankhidwira ku sukulu yakutali angathe kuwerengera yekha m'kalasi kuti pa mitengo ya chaka chino mayi wake agulitse matumba angati.