Ndewu ikoma, chikondi chikhala chosapsa: kuunika makatuni a ku Japan

Mu 1999, chaka chimene Television Malawi inayamba kuonetsa zithunzi komanso Mzuzu University inalandira ophunzira ake oyamba, mnyamata wina wa ku Japan, Masashi Kishimoto, anayamba kusindikiza nthano yojambula yotchedwa Naruto m'magazini ya Weekly Shonen Jump. Ana amene anabadwa chaka chimenecho lero ndi abambo ndi amayi, ndipo ambiri a iwo kuno ku Mzuzu akula ndi Naruto, ena m'mavidiyo sho a ku Chibavi ndi Chiputula, ena pa foni atakabenetsa pa memore khadi mumsika. Nthano zojambula pa pepalazi eni ake amazitcha manga, ndipo zikasanduka makatuni oyenda amati anime.

Chimene chandichititsa kutola cholembera ndi mkangano womwe sutha pakati pa okonda makatuniwa. Mukawafunsa za ndewu, onse amayankhula chimodzi, kuti palibe wopambana Mjapani. Koma mungotchula za chikondi, ayi ndithu, bwalo lagawikana. Wina akuti Naruto akanakwatira Sakura, wina akuti Hinata ndiye anali mkazi weniweni, winanso akuti zachikondizo n'zongotayitsa nthawi, azichotse. Ine ndikuti onsewa akudandaula zoona, koma ndodo yawo ikugwera munthu wolakwika.

Tiyambe ndi Sakura Haruno, mpangankhani amene amatukwanidwa kuposa onse. Mlandu wake ndi wakuti anakakamira Sasuke, mnyamata amene anathawa m'mudzi wa Konoha, nalowa gulu la zigawenga, mpaka tsiku lina anafuna kumupha Sakurayo. Pamapeto pake awiriwa akwatirana ndi kubereka mwana, Sarada. Anyamata amaseka nkumati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, poti Sasuke amamenyadi adani ndi mphenzi. Koma taganizani, abale. Mtsikana yemweyu anaphunzira zachipatala kwa Tsunade, ndipo pamodzi ndi gogo Chiyo anagonjetsa chigawenga Sasori. Mlembi anatisonyeza yekha kuti ndi munthu wa mutu wake. Nanga bwanji akafika pamaso pa Sasuke nzeru zonse zimamuthawa? Yankho silili mwa Sakura. Kishimoto sanatipatse chifukwa chogwirika cha chikondi chimenechi kuposa chija cha ali kamtsikana ka kusukulu, choti mnyamatayo ngooneka bwino. Kutukwana Sakura kuli ngati kukalipira m'phika nsima ikapanda kupsa, wophika ali chikhalire pakhonde.

Za Hinata nazo n'chimodzimodzi. Pamene Pain anamukhomera Naruto pansi, Hinata analowerera, naulula chikondi chake akudziwa kuti akhoza kufa. Ndi malo okoma kwambiri m'nthano yonse. Koma Naruto sanamuyankhe, ndipo nkhani inapitirira ndi nkhondo ngati palibe chinanenedwa. Nthanoyi inatha mu 2014 pa mutu wa 700, mabuku 72, ndipo m'mutu wotsirizawo tinangodzidzimuka awiriwa ali pabanja, ali ndi ana awiri, Boruto ndi Himawari. Chibwenzi chawo anachita kuchipangira filimu yapadera, The Last, imene inatuluka mu December chaka chomwecho. Ndiye kuti m'zaka 15 malo a ndewu anapezeka sabata ndi sabata, koma malo oti mnyamata ayankhe mtsikana anasowa.

Izi sizinayambe ndi Kishimoto. Mu Dragon Ball ya malemu Akira Toriyama, imene inayenda kuchokera 1984 kufika 1995, Goku analonjeza ukwati kwa Chi-Chi ali mwana poyesa kuti ukwati ndi mtundu wa chakudya. Chi-Chi anali katswiri wa ndewu, koma atangokwatiwa anasanduka mayi wolongolola. Oonera amamuda chifukwa amaletsa Gohan kukamenya nkhondo nkumamuumiriza mabuku. Koma ndani wa ife sakuwadziwa mayi ameneyu? Ndi mayi wa ku Mchengautuba amene mwamuna wake sagwira ntchito, amasowa pakhomo miyezi, ndipo iye akulimbana yekha kuti mwana akhoze mayeso a Fomu 4. Nthano yatiphunzitsa kuseka munthu yekhayo amene akuganiza za mawa pakhomopo.

Gwero la vutoli lili m'kapangidwe ka malonda ake. Mawu oti shonen amatanthauza mnyamata, ndipo magaziniyi inapangidwira anyamata a kusukulu. Imatuluka sabata iliyonse, mlembi amapatsidwa masamba osakwana 20 nthawi zambiri, ndipo owerenga amavota kuti nthano yawakomera ndi iti. Imene ikhalitsa kumunsi amaidula. Mlembi woopa kudulidwa amadziwa kuti chibakera chimabweretsa mavoti msanga kusiyana ndi anthu awiri akucheza pansi pa mtengo. Choncho chikondi amachisunga mpaka tsamba lomaliza, mkazi nkuperekedwa kwa ngwazi ngati chikho cha mpira. Bleach ya Tite Kubo inathanso motero mu 2016, Ichigo ali ndi Orihime, Rukia ali ndi Renji, okonda nthanoyo nkuyamba kulozana zala.

Ndinene mosabisa kuti olembawa amadziwa kulemba za mtima. Onani Naruto ndi Sasuke. Naruto anamulondola mnzake zaka, anagwada m'chipale chofewa kumupemphera chikhululukiro kwa Raikage, ndipo pa ndewu yawo yomaliza aliyense anataya mkono. Ubwenzi wa ponda apa nane mpondepo umenewu anaumanga njerwa ndi njerwa. Luso lilipo, kungoti akazi sanagawiridweko.

Kuti zimatheka, umboni ndi Fullmetal Alchemist ya mayi Hiromu Arakawa, imene inatuluka mwezi ndi mwezi kuchokera 2001 kufika 2010. Winry ndi makaniko amene amapanga ndi kukonza mkono ndi mwendo wachitsulo wa Edward. Ali ndi ntchito yake, makasitomala ake, ndi chisoni chake, poti makolo ake, omwe anali madokotala, anaphedwa ku nkhondo. Tsiku limene anakumana ndi wowaphayo, Scar, anatola mfuti, ndipo anali Edward amene anamuletsa kuwomba. Awiriwa akamadzafunsirana pa siteshoni ya sitima, palibe amene akudabwa, chifukwa tawaona akusenzerana katundu njira yonse. Ndewu m'nthanoyi sizinachepe ngakhale pang'ono.

Wina anena kuti makatuni ndi makatuni, tisawasenzetse mtolo. Koma akulu anati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Mnyamata wa ku Zolozolo amene waonera magawo mazanamazana waphunzira kusataya mtima ndi kufera mnzake, zimene n'zabwino. Waphunziranso kuti mtsikana wabwino ndi wodikira mwakachetechete, ndi kuti ngakhale umuzunze, kupepesa kamodzi kukwanira. Kwathu kuno ukwati sugwa kumwamba pa tsamba lomaliza. Pali thenga, pali ankhoswe, pali kukambirana malowolo, ndipo m'zonsezi anthu amayankhulana.

Kwa achinyamata amene ndimawaona akujambula nkhope za maso akuluakulu kumapeto kwa makope awo, ndikuti pitirizani, ndipo tsiku lina mutipatse ngwazi yochokera ku Luwinga kapena ku Katoto. Kwa Kishimoto tengani liwiro la ndewu ndi kulimba kwa ubwenzi. Koma mukafika pa mtsikana, mumupatse ntchito, mkwiyo ndi pakamwa pake, ndipo akayankhula pa mutu wa 10, mnyamatayo ayankhe pa mutu wa 11.